Zigoba m'mwala pafupi ndi Malombe: kodi nyanja yamchere inafikako ku Mangochi?

MphunzitsiWaKwaChimwala walemba:

Akuluakulu odziwa za miyala, ndithandizeniko ndisanakawaphunzitse ana zabodza. Pasukulu pano tili ndi miyala iwiri imene tikufuna kumaonetsa ophunzira pa phunziro la Geography.

Woyamba unatuluka m'dzenje la chitsime kumadzulo kwa nyanja ya Malombe, makilomita awiri kuchokera pamene madzi alekezera lero, pansi pa mamita ngati atatu. Ndi chigulumwa chotuwa cha mchenga wogwirana zolimba, ndipo mkati mwake mwadzaza zigoba za nkhono, zina zathunthu, zina zoswekasweka. Wachiwiri ndi wogula kwa ogulitsa ziboliboli. Ndi wozungulira modzipinda, anaudula pakati n'kuupukuta mpaka kumawala, ndipo mkati mukuoneka tizipinda tachikasu tondondozana. Wogulitsayo akuti unatoledwa m'mapiri a ku Namwera.

Anthu kuno akuti miyala iwiriyi ndi umboni woti kalekale nyanja yamchere inkafika ku Mangochi, ndipo akuti n'chifukwa chake mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Ndingasiyanitse bwanji chigoba cha m'nyanja yamchere ndi cha m'nyanja yathuyi? Nanga wachiwiriwu ungakhaledi wa ku Namwera? Ndiponso tiisunge bwanji kuti isathere m'manja mwa ana?

CheWamiyala wayankha:

Aphunzitsi, tiyambire pa nthaka imene mwapondapo, chifukwa fossil, chotsalira cha chamoyo chakale chimene chinasungika m'mwala, sipezeka paliponse. Imatsata mtundu wa mwala.

Mapiri a Mangochi, kuyambira ku Cape Maclear, Monkey Bay ndi Nkhudzi mpaka kukwera ku Namwera, ndi a miyala ya granite, syenite ndi gneiss. Granite ndi syenite inali chiphalaphala chimene chinazizira pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka. Gneiss ndi mwala umene unatenthedwa ndi kupanikizidwa pansi pa makilomita ambiri mpaka zonse za mkati mwake zinasinthika, n'chifukwa chake umakhala ndi mizere yoyera ndi yakuda yopindikapindika. Kutentha kumene miyala iyi inadutsamo kumaposa madigiri 600. Kufuna chigoba m'mwala wotere kuli ngati kufuna njere ya chimanga mu nsima. Komanso yambiri mwa miyalayi ili ndi zaka zoposa 500 miliyoni, ina kufika 1,000 miliyoni, pamene zamoyo zokhala ndi zigoba zolimba zinayamba kuchuluka padziko zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo. Choncho nkhani ya ku Namwera ija ndaikana ndisanauone n'komwe mwalawo.

Mutha kudziyesera nokha. Tolani mwala wa kuphiri kapena wa kwale, muuswe kuti muone mkati mwatsopano. Muona timiyala tolowerana popanda mpata: tina tooneka ngati galasi, tina toyera kapena tofiirira, tina takuda tonyezimira. Nsonga ya mpeni siukanda, ndipo mukadonthezapo viniga palibe chimene chichitike. Mwala wosunga ma fossil ndi wina: umakhala wa mchenga, matope kapena laimu zimene zinasanjikizana m'madzi, ndipo nthawi zambiri umagawika m'magawo athyathyathya.

Mwala wanu woyambawo ndi wa mtundu wachiwiriwu, koma ndi wa posachedwapa. Malombe ndi Shire wa kumtunda zili m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira pakati, zaka mamiliyoni ochepa chabe zapitazo. Kuyambira pamenepo mitsinje yakhala ikuthiramo mchenga ndi matope kuchokera m'mapiri a mbali zonse ziwiri, ndipo nyanja yakhala ikukwera ndi kutsika pamwamba pa zothiridwazo. Lero nkhope ya madzi a nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, koma sikhala pamodzimodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka Shire analeka kutuluka bwino m'nyanja, ndipo mbali yaikulu ya Malombe inauma anthu n'kumalimamo. Mu 2024 tonse tinaona madzi akulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Ofufuza amene anabowola pansi pa nyanja mu 2005 anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali zilala zimene zinatsitsa madzi ndi mamita mazana angapo. Tsono poti dera la Malombe ndi lathyathyathya, madzi akangokwera mamita awiri kapena atatu amafalikira makilomita. Chitsime chanucho chinakumbidwa pa gombe lakale, basi.

Kulimba kwa chigulumwacho kusakupusitseni. Madzi a pansi amasungunula laimu wa m'zigoba zomwezo. M'chilimwe, ndi dzuwa la ku Mangochi lija, madziwo amakwera m'mchenga n'kuuma, laimu n'kutsalira pakati pa njere za mchenga, kuzimata. Zimenezi sizifuna zaka mamiliyoni ayi. Zaka mazana kapena masauzande ochepa zimakwana.

Mchere wa m'mijigo nawonso njira yake ndi yomweyo. Miyala ikamafumbutuka imatulutsa mchere pang'onopang'ono. Kumapiri madzi a pansi amayenda msanga n'kuutsuka. M'chigwa, makamaka m'dothi la makande, madzi amayenda mochedwa, amauma kwambiri, mchere n'kumaunjikana. N'chifukwa chake mjigo umodzi umakhala wamchere, wina wa m'mudzi woyandikana nawo wabwinobwino. Ukanakhala mchere wosiyidwa ndi nyanja yaikulu sukanasankha chonchi.

Ngakhale kumene Malawi ali ndi ma fossil otchuka, miyala yake ndi ya m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi abwino. Ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga kuli miyala ya mchenga ya zaka zoposa 100 miliyoni imene inatulutsa mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale, pamodzi ndi ng'ona zazing'ono, akamba ndi achule. Ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991 anapeza chibwano cha munthu wakale wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, m'miyala imene ilinso ndi nkhono za madzi abwino. Ku Chiweta kuli mafupa a nyama za pamtunda zimene zinakhalako ma dinosaur asanabwere. Konseko za m'nyanja yamchere kulibe.

MayiWaNkhono wayankha:

Aphunzitsi, zimene anena Che Wamiyala mutha kuzitsimikiza ndi zigoba zomwezo. Mufunika rula, mswachi wofewa, singano, ndi galasi lokulitsa zinthu, lija lokulitsa kakhumi. Ngati palibe, kamera ya foni imathandizako.

Sankhani chigoba chathunthu chimene chaonekera bwino. Chigwireni nsonga yake iloze kumwamba, kukamwa kwake kuyang'ane kwa inu. Onani kuti kukamwako kuli mbali iti.

Kukakhala kumanzere, chigobacho n'kukhala chachikulu, chozungulira, cha masentimita 3 mpaka 6, nsonga yake yaifupi, imeneyo ndi Lanistes. Ndi nkhono ya madzi abwino, yodzaza m'madambo ndi pa mchenga wa nyanja yathu, ndipo mtundu wina, Lanistes nyassanus, umapezeka m'nyanja ya Malawi mokha. Asodzi amaidziwa chifukwa pali kansomba kena ka mtundu wa mbuna kamene kamabisala m'zigoba zake zopanda kanthu. Kukamwa kukakhala kumanzere koma chigoba n'kukhala chaching'ono, chosafika masentimita awiri, chopyapyala, imeneyo ndi Bulinus, nkhono yofalitsa likodzo. Chigoba chouma chilibe vuto, musaope.

Kukakhala kumanja, yang'anani msinkhu. Chonenepa, chosongoka pang'ono, cha masentimita 2 mpaka 4, ndi Bellamya. Chachitali chowonda, cha mizere ndi timatuza, cha masentimita awiri kapena atatu, ndi Melanoides, ndipo kawirikawiri imeneyi ndiyo imachuluka kuposa zonse m'mchenga wakale. Mupezanso zigoba za mbali ziwiri zotsekana: ting'onoting'ono ta makona atatu tokhala ndi mizere yozungulira ndi Corbicula, zazikulu zowala mkati nazonso ndi za m'nyanja yathu ndi mu Shire.

Chenjerani ndi nkhono yaikulu ya pamtunda, ija imatuluka m'dzinja. Imadzikwirira m'dothi nthawi ya chilimwe ndipo zambiri zimafera momwemo. Mukaipeza m'dzenje sikutanthauza kuti panali madzi, ndipo ikhoza kukhala ya dzana lomweli ngakhale ili pansi.

Kuti munene kuti mwala ndi wa m'nyanja yamchere pamafunika zamoyo zimene sizikhala m'madzi abwino ngakhale pang'ono: ma coral omanga miyala pansi pa nyanja, ma sea urchin, tinyama tozungulira taminga, ma crinoid amene zidutswa zake zimaoneka ngati timikanda tobowoka pakati, ma brachiopod a zigoba za mbali ziwiri, ma ammonite a zigoba zodzipinda zokhala ndi tizipinda mkati. Chizindikiro china ndi kuchuluka kwa mitundu. Gombe la nyanja yamchere limasiya mitundu yambirimbiri pamalo amodzi, zigoba zokhuthala, zaminga. Gombe la madzi abwino limasiya mitundu itatu kapena isanu yobwerezabwereza, zigoba zopyapyala, nsonga zake zodyeka.

Koma maonekedwe okha amanamiza, ndipo ananamizapo akatswiri. Nyanja ya Tanganyika ili ndi nkhono zokhuthala zaminga zofanana kwambiri ndi za m'nyanja yamchere. Cha m'ma 1900 katswiri wa ku Britain, J. E. S. Moore, ananena kuti Tanganyika ndi chotsalira cha nyanja yamchere yakalekale chifukwa cha nkhono zimenezi. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti nkhonozo ndi za madzi abwino, zinangofanana ndi zinzake chifukwa chokhala m'mafunde ndi pakati pa nkhanu zoswa zigoba. Ndiye anthu a kwanuko asachite manyazi, funso lawo ndi lakale.

Chinthu chimodzi cha m'nyanja yamchere chimene mungachipezedi m'nthaka ya Mangochi ndi tizigoba ta cowrie, tosalala, tokhala ndi kukamwa kwa mano mano. Timeneto tinabwera ndi amalonda. Njira za Ayao zopita ku Kilwa ndi ku gombe la Mozambique zinkadutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira, ndipo pobwerera ankatenga nsalu, mikanda ndi zigoba. Mukapeza cowrie yobowoledwa kumsana, pafupi pali mapale kapena mikanda, mwapeza mudzi wakale, osati gombe.

MphunzitsiWaKwaChimwala wayankha:

Zikomo kwambiri Che Wamiyala ndi inu mayi. Ndayang'ana monga mwanenera. Zigoba zambiri ndi zazitali zowonda zija, kukamwa kumanja. Zazikulu zilipo zinayi, zonse kukamwa kumanzere, chachikulu kwambiri masentimita 5. Za mbali ziwiri zazing'ono zilimo zambiri. Cha minga kapena chonga mkanda palibe. Viniga akuchita thovu pa chigulumwa chonse, pa zigoba ndi pa mchenga pomwe.

Mwala wachiwiri ndi wa masentimita 8 m'mimba mwake. Kunja kwake, kumene sanadule, kuli mizere yopotanapotana yonga masamba. Tizipinda ta mkati ndi tachikasu towala, koma chakumapeto kuli mbali yaikulu yopanda tizipinda, yotuwa. Nawonso ukuchita thovu. Kodi ndiuviike mu viniga woyamba uja kuti zigoba zituluke zokha?

WaKuChiponde wayankha:

Musauviike, aphunzitsi. Zigoba ndi chomatira chake zonse ndi laimu, ndiye viniga adya zonse pamodzi, ndipo zigoba poti n'zopyapyala ndizo ziyambe kutha. Viniga ndi woyesera basi: dontho limodzi pakona, muone thovu, mutsuke ndi madzi. Asidi wa mu batire ya galimoto musayerekeze n'komwe. Amawotcha khungu ndi maso, komanso amasiya chikhungu choyera pamwala chimene chimaphimba zonse zimene mumafuna kuona.

Mwala wachiwiriwo ndi ammonite weniweni, ndipo zimene mwafotokozazo zikukwanira. Nkhono imadzipinda mokwera, n'kukhala ndi nsonga, ndipo mkati mwake ndi mphako imodzi kuyambira kukamwa mpaka kumapeto. Ammonite imadzipinda pamalo amodzi osakwera, mbali zonse ziwiri n'zofanana, ndipo mkati muli makoma ogawa tizipinda. Nyamayo inali m'bale wake wa octopus ndi squid, nyama zofewa za m'nyanja yamchere za mikono yambiri. Inkakhala m'chipinda chomaliza chokha, chachikulu chija. Ikamakula inkasunthira kutsogolo n'kumanga khoma kumbuyo. Tizipinda totsalato tinkalumikizidwa ndi kapaipi kopyapyala kodutsa chakumphepete kwa kunja, kamene kankachotsa madzi kuti mulowe mpweya, nyamayo izitha kuyandama. Yang'anani ndi galasi m'mphepete mwa kunja pamene anadula, nthawi zina kapaipiko kamaoneka. Mizere yonga masamba ija ndi pamene makoma a tizipinda ankakumana ndi chigoba cha kunja. Imaoneka chigoba chikasupuka kapena chikapukutidwa, ndipo akatswiri amaigwiritsa ntchito pozindikira mtundu.

Kusiyana kwa mitundu kumene mwaonako ndi nkhani yonse ya mmene fossil imapangikira, ndipo ana akhoza kuiwerenga ndi maso awo. Nyama itafa, chigoba chinamira pansi pa nyanja. Matope analowa m'chipinda chomaliza chifukwa chinali chotsegula, n'kuuma kukhala mwala wotuwa uja. Tizipinda ta mkati tinali totsekeka, matope sanalowe. M'kupita kwa zaka madzi a m'nthaka okhala ndi laimu anadontheramo, laimuyo n'kumera m'makoma pang'onopang'ono mpaka kudzaza. Ndiye zachikasu zowalazo.

Ma ammonite onse ankakhala m'nyanja yamchere ndipo anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamodzi ndi ma dinosaur. Odulidwa pakati ndi kupukutidwa chonchi, a tizipinda tachikasu ndi takhofi, ambiri amachokera kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar, dera la Mahajanga, m'miyala ya zaka pafupifupi 110 miliyoni. Mtundu wofala kwambiri ndi Cleoniceras, wosalala, wophwatalala. Oyera a nthitinthiti amene amagulitsidwa osadula amachokera kummwera chakumadzulo kwa chilumba chomwecho ndipo ndi akale kuposa apa. Amagulitsidwa m'misika ya ziboliboli dziko lonse lapansi, ndiye kufika kwake ku Mangochi sikodabwitsa. Mwa kuona kwanga, mwalawo ndi woona, chonama ndi kwawo.

Ngati mukufuna kutsimikiza kuti sanauwonjezere zina, chitani zitatu izi. Tenthetsani singano pa kandulo muigunditse pamalo pamene pakukayikitsa: mwala suchita kanthu, koma guluu ndi pulasitiki zimafewa n'kununkha. Pakani thonje lonyowetsa ndi acetone, mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo aja: thonje likasintha mtundu ndiye kuti anapakapo utoto. Kenako yang'anitsitsani pakatikati. M'pamene pamasweka kawirikawiri, ndipo ogulitsa amadzazapo simenti n'kujambula mizere ndi dzanja. Tizipinda tenitenito timachepa mwadongosolo polowera pakati, tojambula timakhala tosalingana.

Tsono nyanja yamchereyo inalekezera pati? Kale Africa, Madagascar, India, Antarctica, Australia ndi South America zinali dziko limodzi lotchedwa Gondwana. Zaka pafupifupi 165 miliyoni zapitazo Madagascar inayamba kupatukana ndi gombe la kummawa kwa Africa, nyanja n'kulowa pa mpatapo. Madziwo anamiza kachigawo ka m'mphepete mokha, mkati mwa dziko munakhalabe mtunda wa mitsinje. N'chifukwa chake miyala ya ma ammonite ili mbali zonse ziwiri za mpatawo: kumadzulo kwa Madagascar, ndi ku gombe la Tanzania ndi Mozambique. Ina mwa miyalayi ili cha ku Nacala, makilomita pafupifupi 600 kummawa kwa Mangochi. Mukadutsa pa Chiponde kupita ku Mandimba, Cuamba mpaka Nampula, njira yonseyo mumayenda pa miyala yakale yofanana ndi yathu, mapiri a granite ali ngwingwi. Miyala ya m'nyanja imayamba mwatsala pang'ono kufika kugombe.

Ngati mukufuna chitsanzo chimodzi chophunzitsira, tengani Tendaguru, phiri laling'ono la kummwera kwa Tanzania, makilomita ngati 60 kuchokera ku Lindi. Miyala yake, ya zaka pafupifupi 150 miliyoni, ili m'magawo asanu ndi limodzi osanjikizana mosinthanasinthana. Atatu ndi a matope ndi mchenga wosalala, muli mafupa a ma dinosaur. Atatu enawo, amene ali pamwamba pa lililonse la oyambawo, ndi a mchenga wa m'nyanja, muli ma ammonite, ma coral ndi zigoba zokhuthala za mbali ziwiri. Kuwerenga kuchokera pansi kupita pamwamba, mukuona nyanja ikubwera katatu kudzamiza gombe. Umboni wa nyanja umaoneka chonchi: gawo lonse la mwala lotambalala makilomita, lodzaza zamoyo za m'nyanja zamitundumitundu, osati mwala umodzi wa m'thumba la munthu. Ajeremani anakumba ku Tendaguru kuyambira 1909 mpaka 1913, ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi anthu a komweko mazanamazana motsogozedwa ndi kapitawo wawo Boheti bin Amrani, ndipo mafupa olemera matani oposa 200 anasenzedwa pamutu mpaka ku Lindi. Dinosaur wotchedwa Giraffatitan, wa msinkhu wa mamita 13, amene waima mu myuziyamu ya ku Berlin anachokera kumeneko.

Pamodzi pokha ndiwonjezere pa mawu a Che Wamiyala. Tisanene kuti dera lino silinakhalepo pansi pa nyanja yamchere chilengedwere. Mwala wa marble umene unkakumbidwa ku Changalume popanga simenti, ndi wina wotere wa ku Balaka, unayamba ngati matope a laimu oikidwa m'madzi, ndipo laimu wochuluka chonchi nthawi zambiri amaikidwa m'nyanja yamchere. Koma zimenezo ndi za nthawi imene zigoba kunalibe, ndipo moto wa pansi unafufuta chilichonse chimene chinalimo. Sizikukhudzana ndi Malombe, ndi mijigo, kapena ndi ammonite wa aphunzitsiwa.

WosungaZakale wayankha:

Ine ndiyankhe za kasungidwe, poti miyala yambiri ya m'sukulu imawonongeka ndi chikondi chomwe.

Chigulumwa cha zigoba chija chiyeseni kaye musanachitsuke. Benthulani kachidutswa kakang'ono mukaike m'kapu ya madzi kwa ola limodzi. Kakasungunuka ndiye kuti muli dongo lambiri, madzi asachikhudze, muzingochisesa ndi mswachi wouma. Kakapanda kusungunuka tsukani ndi madzi okha, opanda sopo, n'kuumitsa pamthunzi masiku angapo. Padzuwa kunja kumauma msanga mkati muli chinyezi, chigulumwa n'kung'aluka. Pofukula chigoba ndi singano, kankhani mchenga kuchoka pa chigoba, osati kuloza pa chigoba, ndipo lekezani theka litaonekera. Chigoba chimene chili m'mwala mwake chimaphunzitsa zambiri kuposa chimene chazulidwa.

Musapake vanishi, mafuta ophikira kapena guluu wa matabwa. Vanishi amasanduka wachikasu n'kusupuka pamodzi ndi khungu la chigoba. Mafuta amakoka fumbi. Guluu wa matabwa amafewa m'dzinja. Ku myuziyamu amagwiritsa ntchito Paraloid B-72, magalamu 5 osungunula mu mamililita 100 a acetone, chifukwa amalowa mkati ndipo amatha kuchotsedwanso. Ngati mulibe, kusapaka kanthu n'kwabwino kuposa kupaka cholakwika.

Patulani chidutswa chimodzi chokhala ndi zigoba zingapo, chosatsuka, chosathira viniga, muchikulunge mu foyilo. Ngati tsiku lina wofufuza angafune kudziwa zaka zake, njira yoyezera zaka yotchedwa carbon-14 imagwira pa zigoba zosapitirira zaka pafupifupi 50,000, koma guluu, mafuta ndi sopo zimasokoneza zotsatira. Pa ammonite njirayi sigwira, ndi wakale kwambiri. Zaka zake zimadziwika poyerekeza mtundu wake ndi magawo a miyala amene anayezedwa kale ndi phulusa la mapiri ophulika.

Chofunika kuposa mwala weniweniwo ndi kakhadi kake. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi: mudzi, mfumu ya dera, manambala a GPS a pa foni mutaima pa chitsime, kuya kwake, tsiku, ndi dothi limene linali pamwamba ndi pansi pa gawo la zigobalo. Okumba chitsime amakumbukira bwino zimenezi, afunseni asanaiwale. Kakhadiko kaikeni m'kapepala ka pulasitiki poopa mphemvu ndi chiswe. Pa ammonite lembani zoona: wogula, kumene anachokera sikunatsimikizike. Mukalemba Namwera, pakatha zaka khumi bodzalo lidzakhala mbiri ya sukulu.

Ana asalowe m'dzenje kukafuna zigoba zina. Makoma a mchenga akapitirira m'chiuno amagumuka osachenjeza. Dothi limene linatayidwa kunja ndi lokwanira, alisefe ndi sefa ya mchenga.

Ammonite wopukutidwa ndi wolimba koma amasweka akagwa pa simenti, ndiye ana azimuona ali pa thireyi yoyala nsalu. Mukadzapeza wina wooneka ngati golide, ameneyo ndi wa pyrite, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno chimamudya: amayamba kutuluka ufa woyera kapena wachikasu wonunkha ngati machesi. Wotere amafuna botolo lotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Za malamulo: pansi pa Monuments and Relics Act, ma fossil ali m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Kukumba mwadala kapena kutulutsa kunja kwa dziko kumafuna chilolezo cha boma. Zigoba za m'dothi la chitsime si nkhani yoti ikudetseni nkhawa, koma mukadzaona mafupa, mano, mapale kapena mikanda, imitsani kukumba, jambulani zili pomwepo mutaika rula pambali, n'kukauza a Lake Malawi Museum pa boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Dera lino lili ndi midzi yakale yambiri pansi. Nkope ndi amodzi mwa malo amene mapale ake anatchukitsa mbiri ya anthu oyamba kusula zitsulo kuno. M'kati mwa Lake Malawi National Park musatole chilichonse, ngakhale chigoba.

CheWamiyala wayankha:

Za marble zija ndavomera, achimwene a ku Chiponde.

Aphunzitsi, konzekerani, chifukwa mukangophunzitsa phunziroli ana ayamba kukubweretserani miyala thumba lonse, ndipo yambiri idzakhala yongofanizira. Mitundu itatu iyi ndiyo imabwera kawirikawiri. Timizere takuda tonga nthambi za mtengo pankhope ya mwala wosweka: si chomera, ndi manganese amene analowa ndi madzi mu mng'alu, ndipo mudzaona kuti n'topyapyala ngati utoto, topanda tsinde lenileni, ndiponso timapezeka ngakhale pa granite. Timiyala toyera tokhotakhota ta m'dothi la makande, tonga mafupa: ndi laimu woundana, tonse timachita thovu ndi viniga, ndipo mukatiswa mkati mulibe timabowo ta fupa. Miyala yozungulira yosupuka magawomagawo imene ena amati ndi mazira a dinosaur: ndi mwala wamba umene ukufumbutuka kuchokera kunja kulowa mkati.

Mukadzapita nawo ku Cape Maclear, aimitseni pa Mwala wa Mphini. Mizere yake imaoneka ngati inatemedwa ndi munthu, koma ndi mvula ndi dzuwa zimene zinadya mwalawo motsata ming'alu ndi malo ake ofewa. Auzeni ayeze kuya ndi kutalikirana kwa mizere khumi, aone ngati ikupitirira kuseri kwa mwala, kenako afufuze mizere yotere pa miyala ina ya pafupi.